Momwe mungaphere mbozi za kabichi ndi mabakiteriya a Bt

Amene mumalima kabichi, repu kapena chainizi m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa kuno ku Mzuzu mumatidziwa timbozi tobiriwira tija timene mukatikhudza timaphiriphitha n'kugwa talendewera pa kaulusi. Timadya tsamba chakunsi n'kusiya kakhungu kowonekera pamwamba. Ambirife tinazolowera kupopera cypermethrin sabata ndi sabata, koma timbozi timeneti sitichedwa kuzolowera mankhwala, ndipo kabichi yemweyo ndi amene mawa akagulitsidwe kumsika wa kwa Zigwagwa, ana akadye. N'chifukwa chake ine ndinasamukira ku Bt.

Bt ndi Bacillus thuringiensis, bakiteriya wokhala m'nthaka. Si wobwera dzulo: anamupeza ku Japan mu 1901 akupha mbozi za silika, ndipo pofika 1938 anali akugulitsidwa kale kwa alimi ku France. Mbozi ikamudya pamodzi ndi tsamba, timibulu take timasungunuka m'mimba n'kuboola matumbo. Njuchi, nkhuku ndi munthu sawavulaza. Nsabwe za masamba sazikhudzanso, choncho ngati vuto lanu ndi nsabwe musataye ndalama.

Yambani ndi kugula kwake. M'mashopu a zaulimi m'tauni muno funsani Bt kapena Dipel, lomwe ndi limodzi mwa maina ake a malonda, ndipo muwerenge pa paketi ngati palembedwa mtundu wa kurstaki kapena aizawai, chifukwa mtundu wa israelensis ndi wa mphutsi za udzudzu. Onaninso tsiku lothera mphamvu, komanso ngati ndi wovomerezeka ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo. Mtengo wake umaposa wa mankhwala tinazolowera aja, ndiye sonkhanani awiri kapena atatu oyandikana madimba mugule paketi imodzi. Koma ufa uja wopimidwa m'timapepala topanda dzina, woyalidwa padzuwa pamsika, ulekeni ngakhale wogulitsa atalumbira. Kutentha kumaufoola, ndipo simungadziwe chimene chili m'katimo.

Tsukani sipuleya bwinobwino, makamaka ngati munalowapo kopa. Kenako kusakaniza, ndipo apa mundimvetsere.

Ambiri kuno timathira kasopo wa ufa kapena madzi a phulusa mu sipuleya kuti mankhwala amatirire pa tsamba la kabichi, poti madzi amangoterereka. Ndi Bt zimenezi zinandiwonongera dimba. Ndinathira sopo wochapira monga mwa masiku onse, ndinapopera mizere yonse, koma patatha sabata mbozi zinali zikudyabe, zina zitalowa kale mumtima mwa kabichi amene anali atayamba kukulunga. Ndinkaganiza kuti andigulitsa zabodza. Alangizi ndiwo anandimasulira: m'mimba mwa mbozi ndi mwa chidulo, ndipo chidulocho n'chimene chimasungunula timibulu tija. Sopo wa ufa ndi phulusa nazonso ndi chidulo, ndiye timibulu timayamba kusungunuka ndi kuwonongeka tikadali mu sipuleya, mbozi isanalaweko. Choncho madzi akhale oyera, opanda sopo, opanda phulusa, opanda laimu. Amvula otunga m'ndowa yotsuka ndi abwino zedi, ndipo kuno sasowa. Ngati mukufuna chomatitsa, gulani cha kushopu, muthire pang'ono monga alembera.

Muyezo wa ufa tsatirani wa pa paketi, poti mphamvu zimasiyana. Usungunuleni kaye m'kachitini mpaka mibulu ithe, muthire mu sipuleya ya malita 16 yokhala ndi madzi theka, mukhutchumule, kenako mudzaze. Mukayenda mizere ingapo khutchumulaninso chifukwa umadikha pansi. Zosakanizazo zithe tsiku lomwelo, zisagone.

Poperani madzulo dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko kupita m'tsogolo, popeza kuwala kwa dzuwa kumamutha mphamvu Bt. Tembenuzani kamwa ya sipuleya iloze m'mwamba kuti munyowetse kunsi kwa masamba ndi mumtima, kumene mbozi zimadyera. Yang'ananinso kumwamba musanayambe. Mvula ya ku Mzuzu imatha kubwera ngakhale mu Meyi, ndipo ikagwa usiku womwewo imatsuka zonse, muyenera kubwereza.

M'mawa mwake mukapeza mbozi zikadali pa tsamba. Musathamangire kukatenga cypermethrin. Zimasiya kudya patangopita maola ochepa, koma kufa kwake ndi pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, zitada ndi kufewa. Chinthu choyang'ana ndi mabowo atsopano, ngati akuwonjezeka kapena ayi.

Bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7 ngati mukuonabe timbozi tatsopano, ndipo yambani tikadali tating'ono, zikuluzikulu zimavuta kufa. Pa chimanga, ntchemberezandonda zimafunanso kuzipeza zisanabisale mkati mwa nsonga. Musadalire Bt yekha chaka chonse, mbozi zimatha kumuzolowera nayenso; zulani zitsa za kabichi mukakolola ndipo mubzalepo anyezi kapena nyemba ulendo wotsatira. Ufa wotsala mangani bwino, musunge pouma ndi pozizira, kutali ndi malata.