Momwe mungagulitsire zithunzi zooneka katundu wa makampani osapalamula mlandu

Chithunzi changa choyamba kukanidwa chinali cha mayi wina akuwotcha chimanga m'mbali mwa msewu ku Limbe. Utsi unkakwera bwino, dzuwa lili pendeke, ndipo mayiwo anali atasayina kale fomu yovomera. Chinalakwika ndi ambulera imene anakhala pansi pake: dzina la kampani ya foni linkawerengeka lonse.

Kuno kwathu vutoli ndi la tsiku ndi tsiku, poti golosale zambiri zinapakidwa penti ya Airtel kapena TNM. Ngati mukufuna kugulitsa zithunzi pa masamba a pa intaneti ogulitsirapo zithunzi, monga Shutterstock, Adobe Stock, Alamy kapena iStock, yendani motere.

1. Dziwani chimene chili chanu

Chithunzi chimene mwajambula ndi chanu, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limakutetezani. Koma dzina ndi chizindikiro cha kampani zili ndi eni ake, ndipo zimenezo zimatetezedwa ndi lamulo lina, Trademarks Act la 2018. Kugula botolo la Sobo kumakupatsani chakumwacho, osati dzinalo.

2. Sankhani msika musanajambule

Misika ilipo iwiri. Wa commercial, wogula amaloledwa kuika chithunzi chanu pa malonda ake. Wa editorial, chithunzicho ndi cha nkhani, mabuku ndi maphunziro basi. Tangoganizani banki itagula chithunzi chooneka botolo la Coca-Cola n'kuchiika pa chikwangwani chake. Wodutsa angayese makampani awiriwo ali pa mgwirizano, ndipo apo ndi pamene maloya amayambira. N'chifukwa chake ku commercial safuna kuona chizindikiro ngakhale chimodzi.

3. Konzani malo, osadalira kompyuta

Tembenuzani paketi ya shuga, matulani pepala pa botolo, sunthani pang'ono kuti chikwangwani chituluke m'chithunzi. Amene mukumujambula mumupemphe avale malaya opanda zolemba, osati jezi ya Bullets kapena Arsenal. Zimenezi zimatenga mphindi imodzi, pamene kufufuta pa Photoshop kungakudyereni madzulo onse.

4. Kufufuta dzina sikokwanira

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Pali katundu amene amadziwika ndi kaumbidwe kake kokha. Botolo lagalasi la Coca-Cola, la chiuno chija, linapangidwa mu 1915 n'cholinga choti munthu alizindikire ngakhale polipapasa mumdima, ndipo kaumbidweko n'kotetezedwa. Mizere itatu ya Adidas ndi chimodzimodzi, monganso kunsi kofiira kwa nsapato za Christian Louboutin. Foni ya iPhone mukhoza kuiphimba kachizindikiro ka kumbuyo, koma makamera ake aiulula.

Ine ndimayesa chonchi: ndimaonetsa chithunzicho mwana wa mchemwali wanga n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Akati "nsapato", zili bwino. Akatchula dzina la kampani, ndiye kuti ku commercial sichipita.

Chitenje nacho musachiderere. Maluwa ake anajambula ndi munthu, ndipo makampani monga Vlisco amateteza zojambula zawo. Chikakhala chovala chabe m'chithunzi cha anthu ambiri n'chapafupi, koma mukachiyala kuti chidzaze chithunzi chonse, mukugulitsa luso la mwini wake. Cha chipani kapena cha mpingo, chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, chisiyeni ku editorial.

5. Kuzani chithunzi musanatumize

Chikuzeni pa 100% n'kuyenda nacho ngodya ndi ngodya. Yang'anani nambala ya galimoto, kachizindikiro ka Toyota pa mphuno ya minibasi, batani la jinzi, wotchi ya pamkono. Mayina a makampani musawaike m'mutu wa chithunzi kapena m'mawu ochifufuzira.

6. Zojambula ndi zosema zimafuna chilolezo

Chosema cha mmisiri kapena chojambula cha pakhoma chimafuna fomu ya chilolezo, yotchedwa property release, yosayinidwa ndi amene anachipanga, osati amene anachigula. Makampani akuluakulu musatayirepo nthawi, sasayinira munthu wamba. Ngakhale nsanja ya Eiffel Tower ku Paris ili ndi kamsampha kake: masana jambulani, koma magetsi ake a usiku ndi otetezedwa.

7. Zikakanika, pitani ku editorial

Kumeneko zizindikiro zimaloledwa, koma lamulo limatembenuka: musafufute kapena kuwonjezera kanthu. Kukonza kuwala pang'ono n'kololedwa. Lembani malo, tsiku ndi zimene zikuchitika, zoona zokhazokha, m'Chingerezi.

Chithunzi cha mayi wa chimanga uja ndinachitumizanso kumeneko, ambulera ili pompo, ndipo chinalandiridwa.