Sikelo si ya ana okha

Tsiku la sikelo likafika pamudzi, pamzere pamakhala amayi obereka ana kumbuyo ndi amayi oyembekezera. Mwana amayezedwa mwezi ndi mwezi, kulemera kwake kumalembedwa m'buku, ndipo mzere wa kulemera kwake m'bukumo ukayamba kutsika aliyense amaona. Koma bambo ake a mwanayo, kapena agogo ake, akhoza kutha zaka zambiri osakwerapo pa sikelo. Akadzafika kuchipatala atawonda kale, sitikhala ndi nambala yakale yoti tiyerekeze nayo. Malangizo awa ndikulembera anzanga alangizi a zaumoyo, anamwino a m'zipatala zazing'ono ndi odzipereka amene amathandiza kulandira odwala. Ndikupempha chinthu chimodzi: munthu wamkulu aliyense wobwera kwa inu ayezedwe mosamala, ndipo zimene mwapeza zilembedwe m'buku lake la kuchipatala pamodzi ndi tsiku. Nambala ya lero payokha imanena zochepa. Imamveka bwino ikakhala pafupi ndi ya miyezi yapitayo.

Tiyambe ndi sikeloyo. Iikeni pa simenti kapena pathabwa lolimba, osati pamchenga kapena pa udzu, ndipo onani kuti ikuyambira pa ziro munthu asanakwere. Wodwala avule nsapato ndi jekete, atulutse foni ndi makiyi m'thumba, ndipo mayi atsitse kaye mwana. Ngati mukuikayikira sikelo yanu, ikanipo chigubu cha malita 20 chodzaza madzi. Iyenera kuonetsa makilogalamu 20 ndi kapamwamba pang'ono ka chigubucho. Sikelo yonama ndi makilogalamu atatu ikhoza kubisa matenda kwa theka la chaka, choncho munthu mmodzi muzimuyeza pa sikelo imodzimodzi ngati n'kotheka. Kutalika kwa munthu wamkulu kumayezedwa kamodzi n'kulembedwa pa tsamba loyamba: ali wosavala nsapato ndi chipewa, zidendene zitagunda khoma, akuyang'ana kutsogolo.

Kulemera ndi kutalika mukaziphatikiza mumapeza BMI, nambala yoonetsa ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi kutalika kwake. Chulukitsani kutalika kwa munthu m'mamita ndi kutalika komweko, kenako gawani makilogalamu ake ndi yankholo. Bambo wolemera makilogalamu 52, wotalika mamita 1.70, BMI yake ndi 18. Bungwe la World Health Organization limati pansi pa 18.5 ndi kuchepa thupi, pansi pa 16 ndi kuwonda koopsa, kuyambira 25 ndi kulemera kopitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. Kwa mayi woyembekezera, kapena wodwala amene sangathe kuima, BMI sigwira ntchito. Apo tengani chingwe choyezera mkono cha akuluakulu, muyeze pakati pa phewa ndi chigongono.

Koma BMI musaidalire yokha. Taganizani za mayi wotalika mamita 1.65 amene mu Januwale ankalemera makilogalamu 68, lero mu Julayi akulemera 60. BMI yake ndi 22, ili pabwino penipeni, ndipo wina angamuuze kuti apite kunyumba ali bwino. Chonsecho mayiyu wataya makilogalamu 8, kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake, osafuna. Kutsika kotere ndi chizindikiro chachikulu, ndipo kwa munthu amene ali ndi HIV kumasonyeza kuti matenda apita patsogolo. Ngakhale kutaya makilogalamu asanu pa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi kufunika kufufuzidwa. Mayiyu tamugwira chifukwa mu Januwale wina anatenga cholembera n'kulemba 68.

Nanga ngati nambala yakale palibe? Funsani za zovala. "Bambo, lamba wanuyu mwaboolapo bowo lina posachedwa?" "Mayi, madiresi amene munkavala chaka chatha akukukwanani bwanji?" Funsaninso amene wamuperekeza, chifukwa mkazi wake kapena mwana wake amaona zimene mwini wake akubisa. Mufunse mwaulemu ndiponso pambali. Anthu ambiri amachita manyazi ndi kuwonda chifukwa cha zimene anthu amanena pamudzi, ndipo mukalengeza kulemera kwa munthu mokweza pamzere, ulendo wina sabweranso.

Munthu akatsika thupi, mafunso ena atatu atsatire nthawi yomweyo: akutsokomola, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda? Kuwonda pamodzi ndi zitatuzi ndizo zizindikiro zinayi zofufuzira chifuwa chachikulu. Kwa munthu amene ali ndi HIV, chimodzi chokha mwa zinayizi n'chokwanira kuti apereke makhololo akayezedwe, ngakhale chifuwa chitayamba dzulo. Amene sakudziwa za magazi ake mulimbikitseni kuyezetsa HIV. Amene akuwonda koma akudya bwino, akumva ludzu losatha ndi kudzuka kangapo usiku kukakodza, ayezedwe shuga. Amene chakudya chikumutsamwa pomeza, poyamba nsima kenako mpaka phala, musamusunge ndi mankhwala a m'mimba. Khansa ya kum'mero ndi yofala m'dziko lathu, ndipo munthu wotere atumizidwe ku chipatala cha boma msanga. Pomaliza funsani funso limene timaliiwala: kunyumba kuli chakudya? M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale agogo ambiri amasiyira zidzukulu mbale yawo, ndipo ena amene aferedwa amangosiya kudya chifukwa cha chisoni.

Sikelo ikhozanso kukwera munthu akudwala. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa phazi kapena pa msongolo kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje mapazi onse awiri, m'thupimo muli madzi, ndipo makilogalamu amene mwawerenga ena ndi a madziwo. Kutupa kotere kumachokera ku mtima, impso, chiwindi kapena kusowa zakudya m'thupi. Munthu wa matenda a mtima akakwera makilogalamu awiri m'masiku ochepa sananenepe ayi, wasunga madzi, ndipo aonane ndi dokotala.

Za kunenepa nazo tizinene poyera. Kwathu kuno munthu akanenepa timamuyamikira kuti zinthu zikumuyendera, ndipo amene anawondapo ndi matenda n'kuchira safuna kumvanso zochepetsa thupi. Mumvetseni, musamunyoze. Muuzeni kuti mafuta ozungulira mimba ndiwo amakoka BP ndi shuga, ndipo kambiranani zinthu zimene angathe kusintha: masupuni a shuga mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mchere wowonjezera patebulo, ndi kuyenda pansi kwa amene ntchito yawo ndi yongokhala.

Mukadali pafupi naye, muoneni ndi maso. Walowa yekha kapena amugwirizira? Akuyankha zogwirizana ndi funso? Tsitsani chikope cha m'munsi, yang'anani zikhatho ndi lilime: zikayera, magazi achepa. Maso achikasu, zoyera m'kamwa, zotupa m'khosi ndi m'khwapa, zonsezi zilembedwe.

Tsopano BP, pamene pamalakwika zambiri. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Kudikira kuti mutu uwawe kaye ndiko kumachititsa kuti ena tiwaone koyamba atafa kale ziwalo mbali imodzi. Choncho yezani wamkulu aliyense, ngakhale wabwera ndi bala la khasu.

Munthu amene wangotsika pa njinga kapena wayenda makilomita angapo padzuwa musamuyeze pomwepo. Akhale pampando mphindi zosachepera zisanu, msana atatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo. Ngati mkodzo wamugwira, ayambe wapita kuchimbudzi. Ngati wangosuta fodya kapena kumwa khofi, adikire theka la ola. Mkono ukhale patebulo molingana ndi mtima, lamba wa makina akulungidwe pakhungu osati pamwamba pa juzi, ndipo poyeza pasakhale kucheza, ngakhale inu oyeza. Lambayo akhale wolingana ndi mkono. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala, n'kuchititsa munthu kuyamba mankhwala amene sakuwafuna. Yezani kawiri, mutasiyanitsa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo lembani nambala yeniyeni imene makina aonetsa. Chizolowezi cholemba 120/80 kwa aliyense wooneka wathanzi chimandiwawa mtima, chifukwa buku lodzaza ndi manambala ongopeka limanamiza dokotala amene adzaliwerenge.

BP ya 140/90 kapena kuposa, ikapezeka pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti munthuyo ali ndi matenda othamanga magazi ndipo apite ku kiliniki yake. Ikafika 180/110 musamupatse tsiku lobweranso, aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, pachifuwa pakupweteka kapena pakamwa papotoka. Kwa mayi woyembekezera malire ake ndi ena: 140/90 pakati patapitirira masabata 20 ndi nkhani yotumiza ku chipatala lero, ndipo 160/110 ndi ngozi. BP yotsika nayo ndi yoopsa. Nambala ya pamwamba ikatsika pansi pa 90 mwa munthu amene akutsegula m'mimba, akutaya magazi kapena akutentha thupi, musachedwe naye.

Kugunda kwa mtima kumvereni pamkono pafupi ndi chala chachikulu, pogwiritsa ntchito zala ziwiri. Kwa wamkulu amene wapuma ndi pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Kukakhala kodumphadumpha, werengani mphindi yathunthu ndipo lembani kuti sikukuyenda mwadongosolo, pakuti makina a BP satiuza zimenezo nthawi zonse.

Musachotse zala pamkonopo. Pitirizani kugwira ngati mukuwerengabe mtima, koma maso akhale pachifuwa, muwerenge kupuma kwa mphindi yathunthu. Munthu akadziwa kuti mukumuwerenga amasintha kapumidwe. Mwa zizindikiro zonse, ichi ndicho chimasiyidwa kawirikawiri chifukwa chilibe makina, chimangofuna wotchi ndi kudekha. Komatu kupuma kumasintha msanga, nthawi zina BP isanagwe. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Wachibayo, wa magazi ochepa kwambiri, wa shuga wokwera kwambiri ndi amene matenda alowa m'magazi, onsewa amapuma mothamanga. Mverani ngati akutha kumaliza chiganizo osaima kuti akoke mpweya. Ngati muli ndi kachipangizo kovala kuchala koyeza mpweya m'magazi, nambala yotsika pansi pa 90 ikutanthauza kuti munthuyo akufunika kuikidwa pa okosijeni. Chala chozizira kapena chopaka utoto wa zikhadabo chimanamiza, choncho chitenthetseni kapena sinthani chala.

Kutentha kwa thupi yezani m'khwapa mouma, mkono utapanikiza themometa. Kuyambira madigiri 37.5 ndi kutentha thupi, ndipo munthuyo ayezedwe malungo asanapatsidwe mankhwala a malungo a LA. Malungo akapanda kupezeka, musangomupatsa panado n'kumubweza, funani chimene chikutenthetsa thupilo. Funsaninso ngati wamwa kale panado kunyumba. Agogo okalamba ndi anthu ofooka kwambiri akhoza kudwala kolimba thupi losatentha n'komwe, mwina lozizira, ndipo chizindikiro chokha n'kukhala kusokonezeka mutu kumene kwayamba mwadzidzidzi.

Pali manambala ochepa oyenera kumatidwa pakhoma la chipinda chanu. Malangizo a World Health Organization okhudza akuluakulu amene ali ndi HIV amati munthu wadwala kwambiri ngati akupuma ka 30 kapena kuposa pa mphindi, mtima ukugunda ka 120 kapena kuposa, kapena sangathe kuyenda popanda womugwira, ndipo kutentha kofika 39 kumaganiziridwanso. Zizindikiro zomwezi zimathandiza kwa wodwala wina aliyense. Wotere asakhale pamzere kudikira nthawi yake. Mulowetseni, itanani a kiliniko, ndipo ayambe kufunafuna galimoto.

Polemba kalata yotumiza wodwala, mawu oti "akudwala kwambiri" sathandiza amene akamulandire. Lembani nthawi, kulemera kwa lero ndi kwa kale pamodzi ndi masiku ake, BP, kugunda kwa mtima, kupuma, kutentha kwa thupi ndi mankhwala amene wapatsidwa. Ngati galimoto yachedwa, muyezeninso pakatha theka la ola n'kulemba pansi pa manambala oyamba aja, kuti a ku chipatala chachikulu aone ngati akuchira kapena akutsika. Amene akubwerera kunyumba muwauze nambala zawo m'mawu omveka, muwapatse tsiku lodzayezedwanso, ndipo muwakumbutse kubwera ndi buku lomwelo, osagula latsopano ulendo uliwonse.