Momwe ndimaonerera mafilimu a munthu wotsekeredwa

Filimu yoopsa ya munthu wogwidwa n'kutsekeredwa m'chipinda siyoonera uku ukuseweretsa foni. Ine foniyo ndimazimitsa, magetsinso, n'kuvala mahedifoni, chifukwa mantha ambiri amabwera ndi timaphokoso: makiyi kulira kuseri kwa chitseko, mapazi kutsika masitepe.

Mphindi 15 zoyambirira musamangoyang'ana nkhope. Werengani zitseko, onani pomwe pali zenera, pomwe asiya supuni. Supuni imeneyo idzagwira ntchito kutsogoloku, ndikukuuzani.

Kenaka tcherani khutu wogwira mnzakeyo akamalankhula mokoma, chakudya chili m'manja. Mu Misery ya 1990, Kathy Bates amandiopsa kwambiri akamamwetulira kuposa akamakalipa. Mtima ukagunda mopitirira, imitsani kaye filimuyo, mumwe madzi, ndiye mupitirize.