Momwe mungakonzekerere mayeso a ACCA m'masabata 7 muli pa ntchito

Zotsatira za mayeso a ACCA, bungwe la padziko lonse la akatswiri a za akaunti, a mwezi wa June zimatuluka chapakati pa July, ndipo mayeso otsatira amalembedwa kumayambiriro kwa September. Mukawerenga bwino pakalendala mupeza kuti pakatipo pali masabata 7 okha. Ine ndinadutsa m'kanjira kameneka ndi pepala la Financial Reporting, lomwe tonse timangoti FR, nditalephera ndi mamalikisi 46 pomwe okhozera ndi 50. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito mu ofesi ya akaunti ku Kanengo, ndikukhala ku Area 25, ndipo tchuthi cha mwezi wathunthu panalibe woti n'kundipatsa. Mu September ndinakhoza. Zomwe ndilembe pano ndi za FR makamaka, koma a Performance Management (PM) ndi Financial Management (FM) zikuthandizaninso chifukwa mapepala atatuwa anawayala mofanana. Anzanga olemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti la kuno ku Malawi, mutolepo za kagawidwe ka nthawi.

Choyamba: lembetsani sabata yomweyo, pepala limodzi

Mukaona zotsatira, mtima umafuna kupuma kaye. Pumani usiku umodzi, m'mawa mwake muyambe za ndalama. Nthawi yolembetsa pa mtengo wamba imatsekedwa patangotha masiku ochepa zotsatira zitatuluka, ndipo mukaphonya mumalowa mu late entry, komwe mtengo wake umapweteka kwambiri. Ndalamazi ndi zamapaundi. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, fizi ya pepala limodzi ikudya gawo lalikulu la malipiro a kalaliki, ndipo ndalama zakunja kubanki sazipereka tsiku lomwe mwapempha. Pitani msanga ndi chikalata chosonyeza zomwe mukulipira, kenako muzikayenderako, osangodikira foni.

Pa magulu a WhatsApp mupeza anthu olonjeza kuti akulipirirani ndi khadi lawo lakunja mukawatumizira makwacha. Ena ndi achilungamo, koma mnzanga wina wa kuntchito anatumiza ndalama zonse kwa munthu wotere, nambala n'kuzima tsiku lotsatira. Ngati muli ndi mbale ku Johannesburg kapena ku London, ndi bwino akulipirireni iyeyo, mudzabweze kuno kwa abale ake. Ndipo musakhulupirire chithunzi cha risiti: lowani nokha mu myACCA, tsamba lanu la pa webusaiti ya ACCA, muone kuti pepala lanu lalembedwamo, komanso kuti ndalama za umembala za chaka chimenecho munalipira.

ACCA imalola mapepala 4 pa nthawi imodzi, 8 pa chaka. Zimenezo zisakukopeni. M'masabata 7, muli pa ntchito, tengani limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo apa kugwa kwake n'kwa mapaundi.

Chachiwiri: buku lake likhale la chaka chino

Simukufunika mulu wa mabuku. Ophunzira a ACCA ali ndi Study Hub yaulere pa intaneti, momwe muli manotsi ndi mafunso. Ngati muli ndi ndalama ya buku limodzi, gulani la mafunso, lomwe osindikiza mabuku a Kaplan amati exam kit, a BPP nawonso ali ndi lawo. Buku lalikulu la manotsi simulimaliza, ndipo poti munalembapo kale pepalali, zambiri mukuzidziwa.

Chenjerani ndi mafotokope ogulitsidwa m'tauni. Ogulitsa ena amangosintha chikuto, kulembapo chaka chino, m'katimo muli zakalekale. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani mutu wa leases. Mukaona akuphunzitsa lamulo lakale la akaunti la IAS 17, libwezeni pomwepo, chifukwa IFRS 16 inalowa m'malo mwake kuyambira January 2019. Pa mutu wa revenue payenera kukhala IFRS 15, osati IAS 18. Kumbukiraninso kuti silabasi ya FR imayambira September kukathera June, ndiye amene mwalephera mu June mukulowa m'chaka china cha silabasi. Itsitseni pa webusaiti ya ACCA, kumapeto kwake amalemba zomwe zasintha. Ndi ntchito ya mphindi 10.

Chachitatu: pezani maola, muwalembe

Wa akaunti aliyense akudziwa kuti kumapeto kwa mwezi si kwake. Masiku otsekera mabuku a July ndi a August mudzaweruka usiku, kenako za PAYE zikudikira lisanafike tsiku la 14. Chotsani masiku amenewo musanayambe n'komwe kuwerengera, kuti akadzafika musadzadzione ngati mwalephera.

Ine masiku a ntchito ndinkadzuka 4 koloko m'bandakucha n'kuwerenga mpaka 6 koloko, nditafunda bulangeti chifukwa July ku Lilongwe amazizira zosaseweretsa. Madzulo ndinayesa, koma ukachoka ku Kanengo ndi minibasi, kufika pakhomo kutada, mutu umakhala utatha kale. Loweruka ndinkapita kuofesi komweko maola 6, nditapempha kaye. Ndinangoti, "Abwana, Loweruka ndizibwera kudzawerenga, magetsi ndi intaneti kunyumba zikuvuta," iwo n'kuvomera. Lamlungu maola atatu tikaweruka kutchalitchi. Pamodzi ndi maola 19 pa sabata. Laputopu muzitchaja kuntchito tsiku lililonse musanaweruke, magetsi akazima m'mawa musasowe chochita.

August ndi mwezi wa zinkhoswe ndi maukwati. Auzeni abale msanga kuti chaka chino mungotumiza envulopu. Maliro okha ndiwo sakanika.

Chachinayi: lembani pa kompyuta kuyambira tsiku loyamba

Apa ndi pomwe ndinagwera mu June, ndiye mundilole nditalikitse.

Mayeso a FR ndi a maola atatu, mamalikisi 100, pa kompyuta. Section A ili ndi mafunso 15 a mamalikisi awiriawiri. Section B ili ndi nkhani zitatu, iliyonse mafunso asanu, mamalikisi 30 onse pamodzi. Section C ili ndi mafunso awiri aatali, lililonse mamalikisi 20, ndipo amenewa mumawayankha mu spreadsheet ndi pa tsamba lotaipapo mawu. Mphindi 180 kugawa ndi 100, malikisi amodzi ndi mphindi 1.8. Funso la mamalikisi 20 ndi mphindi 36, osapitirira.

Zonsezi ndinkazidziwa ndisanalowe m'chipinda mu June. Chomwe sindinachite ndi kuyeserera pa kompyuta. Miyezi itatu yonse ndinkalemba m'kope ndi bolopeni, ndipo m'kopemo consolidation, kuphatikiza mabuku a kampani yaikulu ndi a kampani yomwe inagula, ndinkaithyola bwinobwino: goodwill apa, non-controlling interest apo, retained earnings pansi pake, mivi yolozera uku ndi uku. Ndinkaganiza kuti poti tsiku lililonse kuntchito ndili pa Excel, kompyuta siingandivute.

Tsiku la mayeso ndinakakamira mafunso awiri a mu Section A omwe sankandituluka. Ndinkawabwereza, kuwerengeranso, mpaka nditayang'ana koloko ya pakona ya sikirini ndinapeza kuti Section C yonse yatsala ndi mphindi 50 m'malo mwa 72. Nditatsegula funso la consolidation ndinapeza kuti spreadsheet yake si Excel yomwe ndinazolowera. Zina zomwe zala zanga zimachita zokha mulibemo. Funso lili mbali imodzi ya sikirini, poyankhira mbali ina, ndipo manotsi a funsolo ndinkachita kukwera ndi kutsika kuti ndiwaone. Ndinayamba kuwerengera goodwill pa calculator n'kumangolowetsa yankho lomaliza m'bokosi, opanda kusonyeza kuti nambalayo yachokera kuti. Pakatikati ndinazindikira kuti ndaiwala kusintha mtengo wa makina a kampani yogulidwayo kuti ukhale pa fair value, mtengo wake wa pamsika pa tsiku logula. Nambala zonse zinali zotaipa ndi manja, ndiye kusintha imodzi kunatanthauza kusintha zisanu, iliyonse payokha. M'manja munatuluka thukuta mpaka mbewa ya kompyuta imaterera. Funso lachiwiri, la ma ratio, ndinangolembapo mizere inayi nthawi n'kutha. Mamalikisi anayi omwe anandisowa anali pamenepo, pa zinthu zomwe ndinkazidziwa bwino.

Ndiye chitani izi. Pa webusaiti ya ACCA pali Practice Platform, yaulere, yomwe imaoneka chimodzimodzi ndi sikirini ya tsiku la mayeso ndipo muli mafunso a mayeso apitawa. Funso lililonse la Section C muziliyankhira mmenemo, ngakhale lomwe mwalitenga m'buku. Kope likhale la manotsi basi. Imafuna intaneti, ndiye bandulo yanu ya Airtel kapena TNM muisungire zimenezi, mavidiyo a pa YouTube muzitsitsa Loweruka kuofesi.

Mu spreadsheet, musamataipe yankho, muzitaipa masamu ake. M'bokosi la goodwill lembani fomula yophatikiza ndalama zomwe kampani yaikulu inalipira ndi non-controlling interest, kuchotsapo net assets za pa tsiku logula, ndipo nambala iliyonse ikhale m'bokosi lake, ndi dzina lake pambali. Ochonga amaona fomula ya m'bokosilo. Mukalakwitsa nambala imodzi kumtunda koma njira yanu ili yolondola, amakudulani pamalo amodziwo, kwinako amakupatsani mamalikisi potsata nambala yanuyo. Yankho lopanda masamu likalakwika, palibe chomwe angakupatseni. Komanso mukakumbukira mochedwa za fair value monga ndinachitira ine, mumasintha bokosi limodzi, zina zonse zimasintha zokha.

Yambani ndi mafupa a yankho: lembani mitu ya statement yonse, siyani mizere yopanda kanthu pakati, lowetsani nambala zosavuta zongophatikiza za makampani awiriwo. Pamenepo mwatola kale mamalikisi musanakhudze zovuta. Kenako tengani manotsi a funsolo limodzilimodzi: phindu la katundu yemwe anagulitsana okhaokha koma akadali m'sitoko, ngongole za pakati pawo, depreciation yowonjezera. Statement ikakana kubalansa, isiyeni. Palibe malikisi a kubalansa, ndipo ine mu September yanga inasiyana ndithu koma ndinakhoza.

Ikani foni pa alamu ya mphindi 36. Ikalira, manja m'mwamba, ngakhale mutatsala ndi mzere umodzi. Sabata yoyamba ndinkafika theka lokha la funso alamu n'kulira, ndipo zinkandiwawa. Pofika sabata yachinayi ndinkamaliza kutatsala mphindi ziwiri kapena zitatu. Sikuti ndinaphunzira akaunti yatsopano ayi, zala ndi maso ndi zomwe zinazolowera.

Funso la ma ratio musalipeputse. Kuwerengera ma ratio kuli ndi mamalikisi ochepa, ambiri ali pa kufotokoza. Kulemba kuti gross profit margin yatsika sikukupatsani kanthu, wochonga akuona yekha. Nenani chifukwa chake kuchokera m'nkhani yomwe mwapatsidwa: mwina kampani inatsitsa mitengo kuti ipeze kasitomala wamkulu, mwina inagula kampani ina pakati pa chaka. Mfundo imodzi, ndime yake yaifupi. Amene mumataipa ndi zala ziwiri, apa ndi pomwe muyenera kuyeserera kwambiri.

Za Section A ndi B, lamulo langa linakhala lakuti funso likadutsa mphindi zinayi, ndisankhe yankho lomwe ndikuliganizira, ndiike chizindikiro choti ndidzabwererepo, ndipitirire. Sadula mamalikisi mukalakwa, ndiye musasiye funso lopanda yankho. Ena amayamba ndi Section C mutu ukadali wozizira, ndipo mu September ndinachita zomwezo.

Chachisanu: kagawidwe ka masabatawo

Masabata atatu oyamba tengani mitu, koma kuyambira ku mafunso: yankhani, mulakwe, kenako muwerenge gawo lokhalo lomwe mwalakwa. Yambani ndi consolidation, kukonza ma financial statements a kampani imodzi, ndi ma ratio, chifukwa Section C imachokera mmenemo. Kenako revenue, leases, financial instruments, deferred tax, earnings per share ndi cash flow. Mitu ing'onoing'ono monga IAS 41 ya zaulimi muziwerenga mu minibasi pa foni. Sabata yachinayi ndi yachisanu, mafunso osakaniza. Werenganinso ma examiner's report, malipoti a okonza mayeso, awiri kapena atatu aposachedwa, ndi aulere, ndipo amanena poyera pomwe anthu amataya mamalikisi.

Sabata yachisanu ndi chimodzi lembani mayeso athunthu awiri, maola atatu osadzuka pampando, foni yozimitsa. Mnzanu akuchongereni, inu mumuchongere wake. Gulu lowerengera limodzi lisapitirire anthu atatu, akachuluka mumathera pa nkhani za Bullets ndi Silver.

Chachisanu ndi chimodzi: sabata yomaliza

Musayambe mutu watsopano. Bwerezani mafunso omwe munalakwa, pemphani masiku awiri atchuthi, gonani mokwanira. Sindikizani docket yanu, chikalata cholowera m'chipinda cha mayeso, msanga, onani malo ndi nthawi, konzani chitupa cha unzika ndi calculator yomwe munazolowera, batire lake likhale latsopano. Za anthu ogulitsa "mafunso otuluka" pa WhatsApp musazimvere, ndi mafunso akale omwe ali kale pa Practice Platform, ndipo ACCA ikakugwirani ndi zachinyengo imatha kukuchotsani m'kaundula. Tsiku lake nyamukani ngati mukupita kuntchito ya 7 koloko, chifukwa mzere wa magalimoto wolowera m'tauni m'mawa mukuudziwa, ndipo musungeko ndalama ya kabaza wa njinga yamoto kuti minibasi ikaima muthe kudumphira pomwepo.