Kusamukira ku yunivesite ina pa digiri ya uinjiniya: zoyenera kutsimikiza musananyamule chikwama

Ngati muli ndi dipuloma ya zamagetsi kapena zomangamanga, kapena mwachita chaka chimodzi kapena ziwiri pa yunivesite ina ndipo mukufuna kukamalizira digiri ya uinjiniya kwina, musayambe ndi kufunsa kuti sukulu yotchuka ndi iti. Yambani ndi ili: kumeneko akandiyambitsa chaka chachingati, ndipo avomera kulemba zimenezo pa pepala? Digiri ya uinjiniya ku mayunivesite a boma a MUBAS ndi MUST imatenga zaka zisanu. Wolandiridwa m'chaka chachitatu amatsala ndi zaka zitatu. Wobwezedwa m'chaka choyamba amalipira fizi, lendi ndi chakudya zaka zisanu zathunthu. Kwa banja la ku Ngabu kapena ku Bangula, lomwe ndalama ya sukulu imachokera m'khola ndi m'munda wa thonje, kusiyana kumeneku n'kwa ng'ombe zingapo.

Masukulu a boma sapikisana pa makosi onse, aliyense ali ndi mbali yake. MUBAS, yomwe ambiri amaitchulabe Poly, ili ku Chichiri mu Blantyre ndipo inaima payokha mu 2021 itachoka ku University of Malawi. Uinjiniya wa misewu, milatho, nyumba, madzi, magetsi, makina ndi migodi uli kumeneko. MUST ili ku Ndata m'boma la Thyolo, inatsegulidwa mu 2014, ndipo imadziwika ndi chemical engineering, zipangizo zachipatala, zitsulo komanso kupanga katundu m'mafakitale. Wofuna uinjiniya wa ulimi ndi ulimi wothirira ayang'ane ku LUANAR, ku Bunda. Mzuzu University ili ndi maphunziro a mphamvu ya dzuwa ndi mphepo. Ndiye nthawi zambiri kosi yomwe mukufuna imakhala itakusankhirani kale masukulu awiri, mwina imodzi yokha.

Dziwaninso khomo lolowera. Ochokera ku Fomu 4 amasankhidwa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno. Wa dipuloma kapena wosamuka amalembera ku yunivesite yeniyeniyo ikalengeza, kawirikawiri pansi pa mature entry, khomo la omwe sakuchokera ku Fomu 4 mwachindunji. Dipuloma sifafaniza MSCE: adzafunabe makirediti a MSCE, kuphatikizapo Chingelezi, Masamu ndi sayansi, yomwe pa masatifiketi akale ndi Physical Science ndipo pa atsopano ndi Physics ndi Chemistry.

Mapepala

Sonkhanitsani satifiketi ya MSCE, dipuloma ngati ilipo, transcript (pepala la malikisi anu onse) yodindidwa ndi ofesi ya rejisitala, ndi kalata yosonyeza kuti kusukulu kwanuko simunachotsedwe. Transcript satulutsa kwa munthu amene ali ndi ngongole ya fizi, choncho ngongoleyo ilowe m'bajeti yosamukira. Amene anawididwa (kuchotsedwa chifukwa cholephera mayeso) asabise, chifukwa masukulu amafunsana, ndipo zikadziwika mochedwa malo amalandidwa fizi italipidwa kale.

Pepala lomwe ambiri amaiwala ndi course outline ya phunziro lililonse lomwe munakhoza. Transcript imangonena kuti "Mathematics II" ndi malikisi anu. Mkulu wa dipatimenti sangadziwe ngati m'menemo munali calculus kapena masamu a m'wekishopu oyezera mapaipi. Course outline ndi yomwe imaonetsa mitu yomwe munaphunzira, maola pa sabata, ma practical ndi mabuku. Popanda iyo, njira yapafupi kwa wounikayo n'kukulemberani kuti mubwereze. Itengeni mudakali pasukulupo aphunzitsi akukudziwani, chifukwa kuitanitsa mapepala pa foni muli ku Nsanje kumatha miyezi.

Amene anaphunzira kutsidya ku Mozambique ayambe apititsa mapepala awo ku NCHE kuti awaunike, ndipo a Chipwitikizi amasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka.

Kufananitsa maphunziro

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo muyambe nokha musanapite ku ofesi iliyonse. Tengani pepala, lembani mizere inayi yotsika: dzina la phunziro la kumene mukupita, phunziro lanu lofanana nalo, maola a lililonse, ndi mitu yomwe ikusoweka. Maola muwerenge motere: phunziro la maola 3 pa sabata kwa masabata 14 ndi maola 42. Ngati kumene mukupitako amaphunzitsa maola 4 ndi labu ya maola 2 pa sabata, ndiye kuti ndi maola 84, ndipo lanu lija ndi theka chabe ngakhale mayina akufanana. Musadabwe akalikana.

Kenako tsatirani mmene maphunziro amalumikizirana. Mu uinjiniya wa zomangamanga, statics imatsegulira strength of materials, iyo n'kutsegulira structural analysis, kenako kupanga mapulani a konkire ndi zitsulo. Fluid mechanics imatsegulira hydraulics, yomwe ndi msana wa ngalande ndi madamu. Ku magetsi, circuit theory imatsegulira makina a magetsi ndi power systems. Phunziro limodzi lapansi likasowa, simungalembetse apamwamba pake, ndipo poti maphunziro ambiri amaperekedwa kamodzi pa chaka, phunziro limodzilo limatha kukudyerani chaka chathunthu. Kalata yonena kuti "mwalandiridwa m'chaka chachitatu" koma ndi maphunziro anayi a chaka chachiwiri oti mubwerere si chaka chachitatu chenicheni, makamaka ngati nthawi zake zikuwombana pa timetable.

Chomwe chimagwetsa a dipuloma ambiri ndi masamu. Manja amakhala atazolowera: kuwotcherera, kuwayaringa, kugwira level yoyezera malo amaposa anzawo ochokera ku sekondale. Koma digiri imafuna differential equations, Laplace transforms ndi linear algebra, ndipo m'chaka chachitatu palibe mphunzitsi amene adzabwerere m'mbuyo chifukwa cha inu. Pemphani mapepala a mayeso a masamu a chaka chachiwiri a sukulu yomwe mukufunayo, mudziyese nokha maola atatu osatsegula buku. Mukalephera kufika theka, kuyambira chaka chachiwiri n'kwanzeru kusiyana ndi kulowa chachitatu n'kumangokhalira masapu (mayeso obwereza) mpaka kuwididwa. Pa mfundo iyi yokha, chaka choonjezera n'chotchipa.

Funsaninso kuti malikisi akale alowa bwanji pa gulu la digiri yanu. Masukulu ena amangokukhululukirani phunzirolo osawerengera malikisi ake, zomwe zikutanthauza kuti distinction ya pa dipuloma sikuthandizani pomaliza.

Mayankho onsewa abwere mu kalata kapena imelo yochokera kwa rejisitala kapena mkulu wa dipatimenti. Mawu a mlembi wa pawindo oti "bwerani tidzaona" sangakuimireni pa komiti younika mapepala anu.

Kuvomerezeka

NCHE imavomereza sukulu payokha ndi kosi payokha. Yunivesite ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi yake ya uinjiniya isanavomerezedwe, ndipo izi muzisamale kwambiri pa masukulu omwe si a boma. Onani mndandanda wa NCHE nokha, dzina la kosi lifanane ndendende ndi lomwe lili pa fomu. Onaninso sukulu yomwe mukuchokera, chifukwa maphunziro a kosi yosavomerezeka savuta kukanidwa. Mukatero funsani ku Malawi Engineering Institution, bungwe lomwe limalembetsa mainjiniya motsatira lamulo la 2019, ngati omaliza kosi imeneyo amalembetsedwa ngati graduate engineer. Digiri yolembedwa "technology" ndi yolembedwa "engineering" sizimaika munthu pa mulingo umodzi nthawi zonse, ndipo ntchito zosayinira mapulani zimayang'ana pomwepo.

Pitani mukaone labu

Kuchokera ku Dyeratu m'boma la Chikwawa kukwera zitunda za Thabwa kufika ku Blantyre ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo Thyolo sipatali kuchokera pamenepo. Musamangodalira zithunzi za pa Facebook. Pemphani kulowa mu labu ya kosi yanu. Ya zomangamanga ikhale ndi makina ophwanyira ma cube a konkire a mamilimita 150, masefa oyezera mchenga ndi dothi, ndi total station (makina oyezera malo) yogwira ntchito. Ya magetsi ikhale ndi ma oscilloscope ndi mabenchi a mamota ndi ma transformer. Yang'anani fumbi: makina ofundiridwa nsalu, opanda zidutswa za konkire pansi pake, ndiye kuti sanagwiritsidwe ntchito posachedwa. Funsani wophunzira wa chaka chachinayi kuti pa benchi imodzi amakhalapo angati, ndipo magetsi akazima practical imabwezedwa kapena imangodutsa.

Atachimenti, nthawi yokaphunzira ntchito pakampani, muifunse mwachindunji: ndi ya miyezi ingati, malo amapeza ndani, ndipo zaka zomwe munagwira kale ntchito angaziwerengere? Wochokera kuchigwa cha Shire kuno ali ndi mwayi wochitira atachimenti akugona kwawo. Fakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo ili ndi maboyila, mapampu ndi magetsi. PressCane imapanga ethanol, ntchito ya chemical engineering yeniyeni. Siteshoni ya EGENCO ku Kapichira, ya mamegawati pafupifupi 130, inaima namondwe Ana ataononga damu lake mu Januwale 2022, ndipo aliyense wophunzira za madzi kapena magetsi ali ndi zambiri zoti akaoneko. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikutenga madzi pa Kapichira pomwepo kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 m'Chikwawa ndi Nsanje, ikufuna anthu odziwa hydraulics, kuyeza malo ndi dothi. Onjezerani milatho yokokoloka chaka ndi chaka, njanji ya Marka mpaka Bangula, ndi mijigo yotulutsa madzi amchere. Ngati cholinga chanu n'kubwerera kuno, zomangamanga za mbali ya madzi, ulimi wothirira, magetsi ndi makina ndi zomwe zili ndi ntchito pafupi. Zipangizo zachipatala ndi migodi ndi makosi abwino, koma adzakutengerani kumtunda.

Ndalama ndi nthawi yochokera

Musafanizire fizi ya chaka chimodzi. Phatikizani fizi, lendi, chakudya, thiransipoti yobwera kumudzi, ndi zofunika pa kosi monga laputopu, nsapato zachitetezo ndi ovolosi, kenako chulukitsani ndi zaka zomwe zatsala pa sukulu iliyonse. Olowera pa mature entry kawirikawiri amalipira fizi yokwererapo ndipo malo a ku hositelo satsimikizika, ndiye lendi ya ku Chitawira, Zingwangwa kapena Ndirande ilowe m'masamu anu. Ku Ndata nyumba zakunja kwa mpanda n'zochepa poyerekeza ndi mu tauni, muyambe kufufuza msanga. Ndipo wokulira m'kutentha kwa Nsanje agule juzi ndi bulangete lolemera, chifukwa chiperoni cha ku Thyolo mu Juni sichinyengerera.

Ngati muli pa loni ya HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro apamwamba, alembereni musanasamuke, muwafunse ngati gulu lomwe mukulowamo limalandira loni ndiponso ngati mukuyenera kulembetsanso. Ndalama yawo ya fizi imapita ku sukulu yomwe ili m'mabuku mwawo, osati komwe inu mwapita.

Makalendala a masukulu sayendera limodzi. Ina ikhoza kutsegula pamene inu muli pakati pa semesita, kapena kuchedwa miyezi ingapo. Malizani semesita yomwe mwayamba kuti malikisi ake alowe pa transcript, ndipo musalembe kalata yosiya sukulu musanagwire kalata yokulandirani yotchula kosi, chaka choyambira ndi maphunziro omwe akukhululukirani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati sukulu yanu imalola kupuma chaka, pemphani kupuma m'malo mosiyiratu, kuti malo anu akhalepobe mpaka mutalembetsa kwinako.