Feteleza wa mabakiteriya akakumana ndi eni dothi: kathiridwe kake ndi zochitika pa mizu

Galamu imodzi ya dothi la m'munda imasunga mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana, mwina mpaka 1 biliyoni. Ambiri amaunjikana pa mizu, chifukwa mizu imatulutsa timadzi ta shuga ndi asidi tomwe iwo amadya. Kachigawo kopyapyala ka dothi lomamatira ku mizuka, Lorenz Hiltner wa ku Germany anakatcha rhizosphere mu 1904. Mukatsegula paketi ya inokulanti, yemwe ndi feteleza wa mabakiteriya amoyo, n'kupaka mbewu, mukulowetsa mlendo m'mudzi wodzaza kale, momwe aliyense ali ndi malo ake ndi podyera pake.

Ambiri amaopa kuti mabakiteriya ogulawa apha kapena kuthamangitsa a m'dothimo. Kawirikawiri zimakhala mosemphana: mlendoyo ndiye amavutika. Ena amadyedwa ndi tizilombo ta protozoa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, ena amafa ndi kutentha kapena kuuma kwa dothi, otsalawo amalimbirana chakudya ndi eni ake ozolowera malowo. Chiwerengero chawo chimatsika msanga m'masabata oyambirira. Kusintha kwa eni dothi kumakhalapo ndithu, koma nthawi zambiri kumadzera m'mbewu yeniyeniyo. Mabakiteriya a mtundu wa Azospirillum, mwachitsanzo, amatulutsa mahomoni okulitsa mizu, mizu ikachuluka timadzi take timachulukanso, ndiye magulu ena a mabakiteriya ndi nkhungu amakwera, ena n'kutsika. Kusinthaku kumaonekera pafupi ndi mizu, ndipo pofika nthawi yokolola dothi limakhala litayamba kubwerera mwakale. Mlendo ndi mame. Mabakiteriya a mtundu wa Bacillus amapirira pang'ono chifukwa amadzitsekera m'timbewu tolimba nyengo ikaipa.

Nkhani imavuta pa rhizobium, mabakiteriya okhala m'timibulu ta pa mizu ya soya, nyemba, mtedza ndi khobwe, omwe amakoka nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Mbewu ili ndi malire a timibulu tomwe ingapange, choncho wofika koyamba ndiye amalowa. Ngati dothi lili kale ndi rhizobium wogwirizana ndi mbewuyo, iye ndi amene amalanda timibulu tambiri, kaya ndi wakhama kaya ndi waulesi. Kafukufuku wa ku Hawaii wa mu 1991 anapeza kuti rhizobium a m'dothi akangofika 50 pa galamu, phindu la inokulanti limatha kuzimiririka. Ku Midwest ku America, gulu la rhizobium a m'dothi lotchedwa serogroup 123 limadzaza timibulu tambiri ta soya ngakhale mlimi atathira mtundu wabwino kuposa ilo. N'chifukwa chake soya wodzalidwa pa munda womwe sunaonepo soya amasintha kwambiri akapakidwa inokulanti, pomwe khobwe, yemwe amagwirizana ndi mitundu yambiri ya m'dothi, nthawi zambiri saonetsa kusiyana.

Luso lonse lagona pa kufikitsa mabakiteriya amoyo, ochuluka, pa njere iliyonse, kuti muzu ukangotuluka uwapeze ali pomwepo. Yambani ndi kusankha mtundu woyenera: Bradyrhizobium japonicum ndi wa soya, Rhizobium tropici ndi wa nyemba, ndipo nthawi zambiri wa mbewu ina sagwira pa inzake. Onani tsiku lothera ntchito. Paketi isungidwe pozizira, m'firiji ngati ilipo koma osaumitsa, kutali ndi dzuwa. Paketi yomwe yatentha m'galimoto masana onse imaoneka bwinobwino kunja, koma zam'kati zafa.

Inokulanti waufa amafuna chomatira. Sungunulani magalamu 100 a shuga mu lita imodzi ya madzi oyera opanda kolorini, chifukwa kolorini amapha mabakiteriya. Pa kilogalamu imodzi ya soya, thirani mamililita 20 a madzi a shugawo, takasani m'beseni mpaka njere zonse zinyezimire, osati zilowe m'madzi. Kenaka wazani ufawo, nthawi zambiri magalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu, koma zolembedwa pa paketi ndizo zitsogole. Takasani modekha kuti khungu la mbewu lisasupuke, njere iliyonse ide mofanana. Yanikani pamthunzi kwa mphindi 15 mpaka 30 ndi kudzala tsiku lomwelo, m'dothi lachinyontho, mukukwirira nthawi yomweyo. Njere yaikulu ngati ya soya imafunika mabakiteriya osachepera 100,000, ndipo ola lililonse lomwe mbewu yakhala padzuwa likudya chiwerengerochi. Kupitiriza muyeso sikuwononga mbewu. Kuchepetsa ndiko kumapereka mpata kwa eni dothi.

Pali zinthu zingapo zomwe zimapha ntchitoyi mlimi asakudziwa. Mankhwala ena oteteza mbewu ku nkhungu, monga captan ndi aja okhala ndi kopa, amapha rhizobium. Ngati mbewu ndi yopakidwa kale mankhwala, pakani inokulanti pomalizira penipeni n'kudzala pompopompo, kapena thirani inokulanti wamadzi kapena wamibulu m'phando osati pa njere. Feteleza wa m'thumba asakhudzane ndi mbewu yopakidwayo, mchere wake umaumitsa mabakiteriya. Nayitirojeni akachuluka m'dothi mbewu imaleka kupanga timibulu, poti ingadyetserenji mlendo pomwe chakudya chili chaulere? Fosiforasi ndiye wofunika kwambiri, pamodzi ndi mchere wa m'dothi wotchedwa molybdenum pang'ono, chifukwa popanda izi timibulu timakhala tochepa ndi tofooka. Dothi la asidi, pH yake yotsika kuposa 5.5, limafoola mabakiteriya ogula kuposa eni ake omwe analizolowera. Laimu athiridwe masabata angapo musanadzale.

Pakatha masabata 4 mpaka 6, kumbani mbewu zingapo ndi khasu kapena fosholo. Musazule, timibulu timathothokera m'dothi. Tsukani mizu m'chidebe cha madzi ndi kuyang'ana komwe timibulu tili. Tikaunjikana pamwamba pa muzu waukulu, pafupi ndi pomwe panali njere, ndi chizindikiro chakuti inokulanti wagwira, chifukwa mabakiteriyawa sayenda mtunda wautali m'dothi. Tikamwazikana pa timizu ta m'mbali, n'kutheka kuti ndi eni dothi alowamo. Dulani kamodzi ndi chikhadabo kapena lumo. Kofiirira m'kati, ngati nyama yaiwisi, kakugwira ntchito; kufiirako ndi leghaemoglobin, yemwe amateteza ntchitoyo ku okosijeni. Koyera ndi kanthete kapena kaulesi, kobiriwira ndi kokalamba.

Musanathire munda wonse chaka ndi chaka, yesani pa timinda titatu toyandikana: kopanda kanthu, ka inokulanti, ndi ka feteleza wa nayitirojeni. Yambani kudzala kopanda kanthuko, ndi manja ndi ziwiya zoyera, kuti musasakanize. Timinda tonse tikafanana, eni dothi akukwanitsa okha kapena vuto lili pena, monga fosiforasi. Ka nayitirojeni kakaposa tonse, ka inokulanti n'kufanana ndi kopanda kanthu, ndiye kuti paketi inali yakufa kapena mabakiteriya aulesi a m'dothi alanda timibulu.

Chenjezo limodzi ndi la rhizobium yemweyu: iye, mosiyana ndi anzake, amatha kukhazikika m'dothi zaka zambiri. Ku New Zealand ndi ku Australia kunapezeka kuti rhizobium a mtundu wa Mesorhizobium obwera ndi inokulanti anapatsira a m'dothi tizidutswa ta chibadwa chawo (majini) topangira timibulu, ndipo ku Australia ena mwa olandirawo ankalowa m'mizu koma osakoka nayitirojeni wokwanira. Mtundu wofooka ukakhazikika chotere, kuuchotsa n'kovuta, ndipo wabwino wodzabwera pambuyo adzaupeza utatenga kale malo. Choncho pa munda woyamba kudzalapo mbewuyo, gulani inokulanti yemwe paketi yake ikutchula dzina la mtundu wa bakiteriya, chiwerengero chake pa galamu ndi tsiku lothera ntchito.