Matailosi a pakhoma apitirire bwanji kudutsa bathtub mukamakonza bafa?

Anzanga amene mukukonzanso bafa, nkhani iyi muimve bwino musanakagule matailosi, chifukwa mmisiri akangoyamba kumata ndiye kuti zatha, kusintha maganizo pamenepo ndi ndalama zina. Nyumba zambiri zakale za kuno ku Zomba, makamaka zija zinamangidwa likulu la boma lili konkuno isanafike 1975, zili ndi bathtub yachitsulo ndipo matailosi ake anathera ndendende pomwe bathtub yathera. Mukawerama nkuyang'ana pakhoma pafupi ndi pansi pambali pake, mupeza penti yatupa, pulasitala akungoyoyoka ngati ufa. Madzi amatsetsereka pamphepete pa bathtub nkumatsikira pakona pomwepo tsiku ndi tsiku, ndiye njerwa imangomwa.

Yankho lake ndi ili: musathere pamphepete. Pitirirani ndi masentimita 8 kapena 10 pang'ono penipeni, koma ine ndimati ngati malo alipo pitirirani ndi 20 kapena 30, simudzadandaula. Ndipo mzere wopitirirawo usathere m'mwamba mokha ayi, utsike mpaka pansi kukakumana ndi matailosi a pansi. Apa ndi pomwe amisiri ambiri amazemba chifukwa pamafunika kudula thailosi mokhota kuti lizungulire mlomo wa bathtub, ntchito yake ndi yotopetsa, koma malo amenewa ndi omwe amayamba kuonongeka. Muwauze bwinobwino abilidala anu kuti mukufuna afike pansi, ndipo muikemo pamgwirizano wa mtengo poyamba pomwe kuti pasadzakhale zokangana.

Nambala yeniyeni imachokera ku kukula kwa thailosi lomwe mwasankha, ndiye tengani tepi. Ma bathtub ambiri amakhala masentimita 170 mulitali ndi 70 mulifupi, ena 75, muyeze yanu. Tinene kuti yanu ndi 70. Ngati thailosi lanu ndi la 20 mulifupi, anayi akupatsani 80, mwapitirira ndi 10, zili bwino ndithu. La 30, atatu ndi 90, mwapitirira ndi 20, apa ndiye pabwino zedi osadula chilichonse. Vuto ndi la 25, lomwe limapezeka kwambiri m'mahadiweya lija la 25 kwa 40, chifukwa atatu ndi 75, mwangodutsa ndi 5 yokha yomwe ndi yochepa, ndiye kuli bwino kungoika anayi nkufika pa 100, kapena kudula limodzi. Mukadula, chidutswacho chipite kukona yamkati ndipo thailosi lathunthu likhale kunja komwe maso amafikira. Kachidutswa kowonda kumapeto kamanyansa komanso sikachedwa kumatuka.

China chomwe anthu amaiwala ndi katani. Ngati pamwamba pa bathtub pali shawa, ganizirani kaye pomwe chitsulo cha katani kapena galasi lidzamangidwe. Chitsulocho chikhale pa matailosi ndipo matailosiwo apitirirebe ndi masentimita 5 kapena kuposa kuseri kwake, chifukwa katani siitseka bwino m'mbali, madzi amapulumuka basi, makamaka kukakhala ana. Komanso tisanamizane, masiku omwe magetsi azima giza osagwira, kapena madzi akutuluka mofooka, tonse timalowa mu bathtub momwemo ndi ndowa ya madzi otenthetsa pambaula nkumadzithira ndi kapu. Kusamba kotere kumamwaza madzi patali kuposa shawa. Nchifukwa chake ndimakakamira 20 kapena 30 uja.

Ngati chitseko kapena kona ina ili pafupi, mwina patsala masentimita 15 okha kuti mufike pafelemu, musasiye kampata ka penti pamenepo, ingomalizani mpaka pafelemupo. Zimaoneka zaudongo ndipo kupukuta nkosavuta. Swichi ya magetsi ikakhala pamalo pomwe matailosi adutse, itanani wa zamagetsi aione kaye, mwinanso aisunthire kutali ndi madzi.

Za kutalika kupita m'mwamba sindichedwapo. Pali shawa, matailosi adutse pomwe paipi ya shawa yatulukira ndi masentimita 10 mpaka 15, zomwe nthawi zambiri zimakufikitsani cha pa mamita 2 kuchokera pansi, ndipo ngati patsala pang'ono kufika kusiling'i ingofikani. Palibe shawa, masentimita 40 mpaka 60 pamwamba pa bathtub angakwane, komabe poganizira za ndowa zija ine ndingakwere ndithu.

Tsopano zomwe zili kuseri kwa matailosi. Zomba ndi kwa chinyontho, mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako kuzizira kwa Juni ndi Julayi, ndipo nyumba za m'munsi mwa phiri ngati ku Mulunguzi makoma sauma msanga. Gumulani pulasitala yense wofumbwa, mumatenso watsopano, mumusiye aume bwino milungu ingapo. Ngati mungathe kusankha nthawi, Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino pantchitoyi. Kenako pakani mankhwala otchinga madzi aja amagulitsa m'zigubu kapena m'zitini, mupake malo onse omwe pabwere matailosi kuphatikizapo mzere wotsika pansi uja. Anthu amaganiza kuti thailosi lokha limaletsa madzi, koma grout, phala lija lotsekera mizere ya pakati pa matailosi, amalowetsa chinyontho pang'onopang'ono.

Pomwe thailosi lakumana ndi bathtub musiye kampata ka mamilimita 2 kapena 3 ndipo mutseke ndi silikoni wa kubafa woletsa chuku, osati grout kapena simenti, zimenezo zimang'aluka chifukwa bathtub imasuntha pang'ono munthu akalowamo. Dzazani madzi mu bathtub musanaike silikoni kuti mpatawo utseguke mmene umachitira ikalemedwa, musiye choncho maola 24 kenako mukhuthule. Silikoniyo atsikenso m'mbali mwa bathtub mpaka pansi.

Kumapeto kwa mzere wa matailosi ikani trim ya aluminiyamu kapena ya pulasitiki kuti m'mphepete musaoneke dongo la thailosi ndi guluu. Iyi imalowa pansi pa thailosi pomata, siikidwa ntchito itatha, ndiye igulidwe tsiku limodzi ndi matailosi ndipo muone kuti kukhuthala kwake kukufanana ndi thailosi lanu. Powerengera makatoni muonjezere 10 peresenti ya zoduka ndi zosweka, muonenso nambala ya batch pakatoni kuti ikhale imodzi, chifukwa mukadzabwerera kuhadiweya patapita mwezi kukafuna katoni imodzi yomalizira mzere wopitirira uja, mutha kupeza mtundu womwewo koma kuwala kwake kosiyana.